Dr Robert Laws: Kalipentala yemwe ankaphunzitsa sayansi ndi manja

Anthu ambiri amaoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Liwonde tsiku ndi tsiku, ena kuchokera ku Balaka kupita ku Machinga, ena kubwerera. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti m'mwezi wa Okutobala 1875, pamadzi omwewa padadutsa kasitima koyendera nthunzi komwe kadasintha mbiri ya maphunziro m'dziko muno.

Dzina la kasitimako lidali Ilala. M'katimo mudali mnyamata wa zaka 24 wochokera ku Scotland, yemwe adali dotolo, mbusa komanso kalipentala. Dzina lake lidali Robert Laws. Iyeyu adakhala m'dziko muno zaka 52, ndipo moyo wake wonse adaima pa mfundo imodzi: mwana samvetsa chinthu bwinobwino ngati sadachigwire, kuchiyesa ndi kuona mmene chimagwirira ntchito.

Lero, pomwe ana ambiri a sekondale amafika Folomu 4 atangoona zipangizo za sayansi pa chithunzi cha m'buku, mbiri ya mkuluyu ili ndi phunziro kwa makolo ndi aphunzitsi omwe.

Mwana wa mmisiri wa matabwa

Laws adabadwa pa 28 Meyi 1851 mumzinda wa Aberdeen. Bambo ake adali mmisiri wokhoma mipando ndi makabati, ndipo banjalo silidali lolemera. Ali wamng'ono adalowa ntchito yomweyo ngati wophunzira. Masana ankapala matabwa, madzulo n'kumapita kusukulu, mpaka adapeza malo pa yunivesite ya Aberdeen.

Kumeneko adaphunzira za udotolo, ndipo maphunziro a ubusa adachitira ku Edinburgh. Adagwirakonso ntchito pakati pa odwala nthomba ndi matenda ena opatsirana m'zipatala za mumzinda wa Glasgow. Choncho pomwe ankakwanitsa zaka 24, adali atadziwa kugwira sowo, mpeni wa opaleshoni komanso Baibulo.

Chidwi chobwera ku Africa chidamugwira ali mnyamata, atawerenga za maulendo a David Livingstone. Livingstone atamwalira mu 1873, mipingo ya ku Scotland idagwirizana zokhazikitsa mishoni m'mbali mwa nyanja ya Malawi pomukumbukira. Mishoniyo adaitcha Livingstonia, ndipo Laws adadzipereka kupita nawo.

Sitima yoyenda pamutu

Gululo lidanyamuka ku London mu Meyi 1875 motsogozedwa ndi E.D. Young, katswiri wa za pamadzi yemwe adali atayendapo kale mumtsinje wa Shire. Chochititsa chidwi n'chakuti mbusa adali Laws yekha. Enawo adali amisiri: kalipentala George Johnston, mainjiniya John McFadyen ndi Allan Simpson, katswiri wa ulimi Alexander Riddel ndi mmalinyero William Baker. Adatsagananso ndi Henry Henderson, yemwe chaka chotsatira adasankha malo a mishoni ya Blantyre.

Ilala idabwera ili zidutswazidutswa. Adailumikiza pomwe mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja ya mchere, n'kuyamba ulendo wokwera mtunda mpaka kulowa mu Shire. Atafika pa mathithi a kumunsi kwa Blantyre, sitimayo sikadatha kupitirira. Adaiphwasulanso, ndipo mafumu a Chikololo adapeza anthu mazanamazana omwe adasenza zitsulozo pamutu mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kudutsa m'miyala ndi m'zitsamba dzuwa lili pamutu. Mbiri imati palibe kachitsulo ngakhale kamodzi komwe kadasowa.

Kumtunda kwa mathithiwo, adaimanganso. Kuchokera apo idakwera Shire kudutsa pakati pa madera omwe lero ndi maboma a Balaka ndi Machinga, kulowa m'nyanja ya Malombe, kupereka ulemu kwa mfumu Mponda, mpaka pa 12 Okutobala 1875 idalowa m'nyanja ya Malawi. Iyi idali sitima yoyamba yoyendera nthunzi kuyenda panyanjayi. Ilala ina ija, yomwe idayamba kuyenda mu 1951, idatengera dzina pa iyi.

Tinganene kuti kalasi yoyamba ya sayansi idali sitimayo. Anyamata omwe ankagwiramo ntchito ankaona ndi maso awo nkhuni zikuyaka, madzi akuwira m'boyila, nthunzi ikukankha zitsulo, zitsulozo n'kumazunguza chopalasira madzi. Padalibe bolodi kapena choko, koma pasadathe zaka zambiri anthu akuda adali atadziwa kuyendetsa ndi kusamala injiniyo.

Opaleshoni pamaso pa anthu

Mishoni yoyamba adaimanga ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Kumeneko, pa 2 Malichi 1876, Laws adachita opaleshoni yochotsa chotupa pamwamba pa diso la mnyamata wina. Adamugoneka ndi mankhwala otchedwa chloroform, omwe madotolo a ku Edinburgh adayamba kugwiritsa ntchito mu 1847. Aka kadali koyamba mankhwalawa kugwiritsidwa ntchito m'chigawo chino cha Africa.

Oonerera adaganiza kuti mnyamatayo wafa. Atadzuka, chotupa chitachoka, mbiri idawanda m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ndipo odwala adayamba kukhamukira kumishoniko. Laws adatolapo phunziro lomwe sadaliiwale: munthu amakhulupirira msanga chomwe waona kusiyana ndi chomwe wangouzidwa.

Koma Cape Maclear idali ndi vuto la malungo. Amishoni angapo adamwalira, kuphatikizapo Dr William Black ndi Shadrach Mngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, onse mu 1877. Manda awo alipo mpaka lero. Pofika 1881 mishoniyo idali ndi manda asanu koma wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Chaka chomwecho Laws, yemwe tsopano ndiye adali mtsogoleri, adasamutsira mishoni ku Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri ndipo ana adadzaza makalasi. Ali kumeneko, Laws adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, ndipo mu 1894 adatulutsa buku lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja.

Malungo sadamusiye. Iye ndi mkazi wake Margaret Gray, yemwe adamanga naye ukwati ku Blantyre mu 1879, adabereka ana 8 koma adakula ndi mmodzi yekha, Amelia, wobadwa mu 1886. Nthawi imeneyo kudalibe yemwe ankadziwa kuti malungo amafala ndi udzudzu, poti Ronald Ross adatulukira zimenezi mu 1897. Komabe Laws, poyang'anitsitsa ndi kulemba zomwe ankaona, adazindikira kuti matendawa amachuluka m'zigwa zotentha ndipo amachepa kumapiri. Adayamba kufunafuna malo okwera.

Sukulu ya paphiri la Khondowe

Mu 1894 adakhazikika pa Khondowe m'boma la Rumphi, pamalo okwera mamita pafupifupi 900 kuchokera panyanja. Apa ndi pomwe padamangidwa Livingstonia yomwe tikuidziwa lero, pamodzi ndi sukulu yotchuka ya Overtoun Institution. Dzinali lidachokera kwa Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland yemwe adathandiza ndi ndalama zambiri.

Sukuluyi inkatenga ana anzeru kuchokera m'masukulu a m'midzi a mishoniyo, kuyambira kwa Atonga, Angoni, Atumbuka, Ankhonde mpaka kum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi Zambia. Padali maphunziro a uphunzitsi, ubusa, ukalaliki ndi zachipatala. Mbali inayi padali maluso: ukalipentala, kucheka matabwa, kuumba njerwa, kusema miyala, kumanga nyumba, kusula zitsulo, kusindikiza ndi kusoka mabuku, ulimi ndi kutumiza mauthenga pa lamya.

Lamulo la Laws lidali lakuti aliyense, ngakhale wofuna ubusa kapena uphunzitsi, azigwira ntchito ya manja. Sankafuna kuti munthu wophunzira azinyansidwa ndi khasu kapena nyundo. Sankafunanso kuti mmisiri akhale wosadziwa masamu. Wophunzira kumanga ankayenera kudziwa chifukwa chomwe khoma lopendekeka limagwera. Wophunzira zachipatala ankawerenga za ziwalo za thupi m'kalasi, kenako n'kupita kukatsuka mabala ndi kusakaniza mankhwala pambali pa dotolo. Chipatala cha David Gordon Memorial chitatsegulidwa mu 1911, chidakhala malo enieni ophunzirira ntchitoyi.

Waya wa lamya wochokera kummwera utafika m'chigawo cha kumpoto kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Laws sadafune kuti ana ake azingouona ukudutsa pamitengo. Adatsegula kalasi yophunzitsa kugogoda mauthenga, ndipo kampani ya lamyayo idayamba kulemba ntchito anyamata a ku Livingstonia m'maofesi ake.

Madzi, msewu ndi magetsi

Phiri lonse la Khondowe lidasanduka labotale. Vuto lililonse lomwe mishoniyo idakumana nalo lidakhala phunziro.

Loyamba lidali madzi. Laws adayeza mtunda n'kupeza kasupe yemwe adali pamalo okwera kuposa sukuluyo. Adayala mapaipi achitsulo kudutsa m'chigwa, ndipo mu 1904 madzi adafika pasukulupo popanda injini yopopa. Ophunzira adaona okha kuti madzi otsekeredwa mupaipi amatha kutsika chigwa n'kukweranso tsidya lina, malinga kochokera kwake kukhale kokwera kuposa komwe akupita.

Lachiwiri lidali msewu. Katundu yense ankafika pa sitima kugombe la Chitimba, pansi pa phiri. Padafunika msewu wosemedwa m'mbali mwa phirilo, ndipo udatha mu 1905. Uwu ndi msewu wa Gorodi, wokhala ndi makona 20 okhota ngati njoka. Makonawo adawaika dala kuti chitunda chisakhale chadzidzidzi, ngolo zizitha kukwera.

Lachitatu lidali magetsi. Ali patchuthi kwawo, Laws, bambo wa zaka pafupifupi 50, adakakhala pansi m'kalasi ku Edinburgh kuphunzira za magetsi. Atabwerako adagwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Manchewe. Madzi otsika ndi mphamvu mupaipi ankazunguza gudumu, gudumulo n'kuzunguza makina okhala ndi maginito ndi mawaya, monga imachitira dayinamo ya njinga ikakhudza tayala. Mu 1905 mababu adayaka pa Livingstonia, ndipo mphamvu yomweyo inkayendetsa makina a m'nyumba zogwirira ntchito.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tikumbukire kuti malo opangira magetsi a Nkula pa Shire adayamba kugwira ntchito mu 1966, patatha zaka 61, ndipo chotchingira madzi cha pa Liwonde chomwe chimathandiza kuti madzi azifika ku Nkula mwadongosolo chidamangidwa mu 1965.

Zipatso ndi zofooka

Ophunzira a ku Livingstonia adamwazikana m'maiko ambiri. Ankapezeka m'migodi ndi m'maofesi a ku Zimbabwe, Zambia, Congo, Tanzania ndi South Africa ngati makalaliki, amisiri ndi othandiza madotolo. Clements Kadalie adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba adakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. David Kaunda, yemwe adatumidwa kukaphunzitsa ku Chinsali, ndiye bambo wa Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Laws mwini adalandira maudindo ambiri. Mu 1908 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa mpingo wake ku Scotland. Pakati pa 1912 ndi 1916 adakhala m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland. Mu 1924, mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre italumikizana kupanga mpingo wa CCAP, iye ndiye adali mtsogoleri woyamba.

Koma palibe munthu wopanda litsiro kumbuyo kwa khutu. Laws adali wouma mtima pa malamulo ndipo ankachedwa kukhulupirira anthu omwe adawaphunzitsa yekha. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 mishoni itayamba. Charles Domingo, mmodzi mwa ophunzira anzeru kwambiri, yemwe adakulira m'manja mwa banja la Laws, adadikira kudzozedwa mpaka adatopa ndipo adachoka mu 1908. Mwasi naye adatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake.

Vuto lina lidali lakuti maluso ambiri omwe ankaphunzitsidwa adalibe msika kumpoto. Mnyamata wodziwa makina akamaliza maphunziro, kumudzi kwawo kudalibe makina oti agwire. Mapeto ake adali kulowera kumaiko akunja kukalemeretsa makampani a Azungu, midzi yawo n'kutsala mmene idalili.

Loto la yunivesite

Laws ankalakalaka kuti Overtoun idzakhale yunivesite. Koma mu 1924 kudabwera gulu la akatswiri a maphunziro la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones wa ku America. Gululi lidakonda maphunziro osavuta okhudza moyo wa kumudzi monga ulimi, ukhondo ndi ntchito za pakhomo, ndipo lidaona mapulani a Laws ngati okwera mtengo komanso othamanga. Amishoni anzake ena adagwirizana nazo, ndipo akuluakulu a ku Scotland adakana kupereka ndalama.

Maganizo a gululi ndiwo adabala sukulu ya Jeanes yomwe boma lidatsegula mu 1929 ku Domasi, kufupi ndi malire a Zomba ndi Machinga. Kumeneko aphunzitsi, akazi awo ndi mafumu ankaphunzira zotukula midzi. Apa padali kusiyana kwakukulu. Onse ankafuna maphunziro a manja, koma Laws ankafuna kuti manjawo atsegule njira yofika pamwamba penipeni pa sayansi, osati kuthera pa dimba ndi chimbudzi basi.

Adachoka m'dziko muno mu 1927 ali ndi zaka 76, mkazi wake atamwalira kale mu 1921. Adasiya masukulu a pulayimale oposa 700. Adamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934 ndipo adaikidwa m'manda a tchalitchi cha St Machar kwawo ku Aberdeen. Dziko lino lidadikira mpaka 1965 kuti likhale ndi yunivesite, ndipo loto la pa Khondowe lidakwaniritsidwa mu 2003 pomwe sinodi ya Livingstonia idatsegula yunivesite yake. Nyumba yake yamiyala, Stone House, amasungiramo zinthu zakale, ndipo ku Embangweni m'boma la Mzimba kuli sekondale yotchedwa dzina lake.

Nanga ife a ku Balaka ndi Machinga?

Ena anganene kuti tsobola wakale sawawa. Komatu funso lomwe Laws ankalimbana nalo likadalipo. Pa mayeso a MSCE, ana amayesedwa pogwira zipangizo pa maphunziro a sayansi. Mwana wa kusukulu yoyendera ya CDSS yopanda labotale amalemba mayeso omwewo ndi mnzake wa kusukulu yogonera yokhala ndi zonse. Wina amagwira chipangizo koyamba tsiku la mayeso, manja akunjenjemera.

Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2004 unduna wa zamaphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, udayambitsa ndondomeko ya SMASSE yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Ndondomekoyi idayambira ku Kenya mu 1998, ndipo kuno idayesedwa koyamba m'chigawo cha maphunziro chakummwera chakum'mawa, chomwe ndi maboma a Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi, mogwirizana ndi koleji ya aphunzitsi ya Domasi. Kenako idafalikira dziko lonse. Mfundo yake ndi yomwe ija ya pa Khondowe: mwana azichita yekha, ndipo mphunzitsi akasowa chipangizo cha kusitolo apange china ndi zomwe zili pafupi.

Zinthu zotere sizisowa m'matauni athu. Madzi ofiira a chidede amasintha mtundu ukathiramo chidulo, ndipo amafiiranso ukafinyiramo mandimu. Limenelo ndi phunziro lonse la asidi ndi alikali, lochitikira pakhitchini. Njinga ya kabaza ili ndi tcheni, magiya, mabuleki ndi dayinamo. Mjigo wa pamudzi umaonetsa mmene mkono wautali umapepukitsira ntchito. Botolo lodulidwa pakamwa ndi rula zimakwana kuyeza mvula, chinthu chofunika zedi ku Balaka komwe mvula imavuta. Nyemba zomeretsedwa m'zitini ziwiri, china padzuwa china mumdima, zimaphunzitsa kuposa masamba asanu a manotsi.

Kulinso malo oti ana n'kukaona ndi maso: chotchingira madzi cha pa Liwonde, njanji za pa Nkaya, nkhalango ya zinyama ya Liwonde, minda ya mpunga ya kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, ngakhale shedi ya wowotcherera zitsulo pamsika. Makomiti a makolo angathe kukambirana ndi aphunzitsi za maulendo otere, poti mutu umodzi susenza denga.

Izi sizikutanthauza kuti malabotale ndi osafunika. Laws mwini adapempha ndalama zogulira makina enieni, ndipo boma ndi eni masukulu ali ndi udindo womanga malabotale ndi kugula zipangizo. Koma iye sadadikire kuti zonse zikwane kaye. Adayamba ndi sitima, mtsinje ndi phiri zomwe zidali pamaso pake.

Makolo, mwana akamasula tochi yakufa kapena wailesi yotha ntchito kuti aone zam'kati, musafulumire kumukalipira. Khalani naye pansi, mumufunse chomwe wapeza, ndipo mumuuze kuti aibwezeretse mmene idalili. M'mera mpoyamba.